Chapachifuwa cha Lonjezo

Andireya Mwale anali mlimi wa chimanga ndi mtedza kufupi ndi Malomo, koma anthu a m'deralo ankamudziwa ndi phokoso. Akaweruka kumunda, anzake akulowera kubawo kapena kumowa, iye ankalowa m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba n'kuyamba kugogoda zitsulo. Sankakhoma ndowa kapena makheni othirira kudimba ngati amisiri a pamsika. Ankapanga zovala zankhondo za asilikali a Chiroma.

Chiyambi chake chinali manyazi. Chaka ndi chaka pa Lachisanu Loyera, akhristu a tchalitchi chawo ankachita sewero la Njira ya Mtanda, kukwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi. Asilikali ankavala makatoni opaka laimu, kumutu atavundikira mapoto. Chaka china mvula inawapeza pakati pa phiri, makatoni aja ananyowa n'kuyamba kuyoyoka, ndipo anthu anaseka pamalo poyenera kulira. Andireya anabwerera kunyumba mtima ukumupweteka. Anauza mkazi wake Roza kuti zimenezo sizidzachitikanso iye ali moyo.

Anayamba ndi maso. Misa ikatha ankatsalira m'tchalitchi kuyang'ana zithunzi za pakhoma, mpaka wotseka zitseko ankachita kumukumbutsa. Kenako anapalasa njinga kukafika kuparishi, kumene bambo mfumu anamubwereka buku lakale la zithunzi. Chiyankhulo cha m'bukumo sankachidziwa, ndipo sichinamudetse nkhawa. Chimene chinamuvuta n'chakuti zithunzizo sizinkagwirizana. Pena msilikali wavala chitsulo chimodzi choumbidwa ngati chifuwa cha munthu, pena wavala timizere ta zitsulo tosanjikizana ngati udzu wa padenga. Andireya anasankha timizere, poti munthu wovala chotere angathe kuwerama. Koma palibe chithunzi chimene chinkaonetsa m'kati mwake. Nyengo yonse yokolola anaitha akuganiza chimene chinkagwira timizereto kuti tisabalalike, mpaka tsiku lina akumanga goli pangolo anazindikira kuti m'kati muyenera kuti munkadutsa malamba achikopa.

Zipangizo ankazipeza kwa Che Husseni, Msilamu amene anali ndi sitolo ya misomali, zingwe ndi zitsulo za njinga pa Malomo. Che Husseni ankamusungira migolo yobooka ndi malamba akale a m'kaunjika. Ankati, "A Mwale, nkhani ya sewero lanuyo ine sindilowamo, koma chitsulo ndimachidziwa. Ichi chidzakutherani tupa." Andireya ankadula mgolo, n'kuuwongola pachidutswa cha njanji, n'kupala m'mbali mwake ndi tupa kuti musacheke munthu. Polumikiza ankadula misomali n'kuiphwanya mitu. Chisoti anachiumba pachitsa cha muwanga chimene anachisema ngati mtondo wosaya, ndipo pamwamba pake anaikapo khonje wonyika mu utoto wofiira. Ena ankamulangiza kuti angogwiritsa ntchito zitini za mafuta ophikira, zofewa podula. Iye ankakana. Ankati chitini n'chidole cha ana, msilikali weniweni ankanyamula chitsulo.

Pomwe ankamaliza chovala cha mkulu wa asilikali, dziko linali litasintha. Zipani zinali zambiri, ana anali atadzaza m'sukulu mpaka ena kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo m'maminibasi anthu ankadzudzula boma mokweza osayang'ana kumbuyo. Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho kunabwera Lonjezo, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, amene ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Anali wamtali, wa mapewa otambasuka, ndipo chovalacho bambo ake anachipanga akuganiza za thupi lakelo.

Anamuveka m'chigafa muja. Timizere tinakhala bwinobwino pachifuwa, malamba anamangika pabowo loyamba. Lonjezo anakweza manja, anawerama, anayenda mpaka pakhomo zitsulo zikulira.

"Bambo, izitu zikulemera ngati belo."

"Zenizeni zinkalemera choncho."

"Munazinyamulako?"

Andireya anaseka, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anagwirizana kuti Lonjezo adzabwera pa Pasaka kudzakhala mkulu wa asilikali, ndipo akomiti ya tchalitchi anavomera.

Koma Lonjezo sanadikire Pasaka. Anatsika minibasi mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, ali ndi chikwama ndi kawailesi m'manja. Anati ntchito yatha, makampani akuchepetsa anthu. Za mkazi wake sananene zambiri. Kuyambira pamene khanda lawo linamwalira chaka chapitacho, mkaziyo anali kwawo ku Mponela, nayenso osapeza bwino. Lonjezo ankatsokomola, ndipo ankati ndi fumbi la fodya.

Lamlungu lina masana Andireya anamuitana kuti ayesenso chovala chija, poti anali atawonjezera zoteteza mapewa. Atamuveka, timizere ta m'mimba tinalendewera. Anakoka lamba kufika pabowo lomaliza, koma dzanja lake linkalowabe lonse pakati pa chitsulo ndi nthiti za mwana wake.

"Chikopa chatamuka," anatero Andireya. "Ndi chinyezi chimenechi."

"Eya, chinyezi," anayankha Lonjezo.

Andireya anatenga msomali ndi hamala n'kuboola mabowo ena. Patapita masabata ochepa anaboolanso ena. Ulendo umenewo, pomuvula, anaona kuti pamene chitsulo chinakhudza phewa panasupuka khungu, ndipo chilondacho sichinapole. Roza anaima pakhomo la chigafa ali ndi lichero m'manja. Anayang'ana phewalo, anayang'ana mwamuna wake, n'kubwerera kukhitchini. Anali atapita kale ndi mwanayo kuchipatala cha ku boma ku Ntchisi, kumene anawapatsa mapilitsi a chifuwa ndipo dokotala anayankhula ndi Lonjezo payekha. Zimene anamuuza, Lonjezo sanazifotokoze, ndipo makolo ake sanamufunse. Masiku amenewo anthu anali atamasuka pakamwa pa nkhani zonse, koma matenda amenewa ankangowatchula kuti "zomwezi."

Andireya anapita kwa Che Husseni kukafunsa chikopa cha nkhosa, chaubweya, choti aike m'kati mwa mapewa. M'sitolo munalibe munthu wina. Che Husseni anamuyang'ana n'kutsitsa mawu.

"Mnyamata wanu ndinamuona dzana, akudutsa apa. Anapumira pabenchi yangayo."

"Chifuwa chikumuvuta."

"Sadia wanga nayenso chinayamba ndi chifuwa." Sadia anali mwana wamkazi wa Che Husseni, amene anamwalira ku Salima zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo pamaliro anthu anauzidwa kuti anali malungo. "Ine ndinataya nthawi, a Mwale. Ndinkathamanga uku ndi uku kufuna mankhwala, osakhala naye pansi. Pomwe ndinkati ndikhale naye, anali atasiya kuyankhula. Chikopa ndikupezerani, tinapha nkhosa sabata yatha. Koma chitsulo chija mwana uja sangachinyamule kukwera phiri. Inunso mukudziwa."

Andireya anakankha njinga mpaka kutuluka pamsika, osaikwera. M'malo molunjika kunyumba anakhotera kwa Kalisto, wapampando wa komiti, yemwenso ankasenza mtanda m'sewerolo chaka chilichonse. Anamuuza kuti apeze munthu wina woti akhale mkulu wa asilikali, poti Lonjezo sakupeza bwino. Kalisto anangoti wamva.

Nkhani siigona m'mudzi. Mawa lake Lonjezo analowa m'chigafa bambo ake akupala chishango. Anakhala pachitsa cha muwanga chija, n'kudikira kuti mpweya ubwerere.

"Bambo, ndamva kuti mwandichotsa."

"Ndati upume chaka chino. Chaka chamawa udzavala."

"Chaka chamawa."

Andireya anapitiriza kupala.

"Bambo, tayang'anani kuno. Ku Kanengo anandichotsa osandifunsa. Kwa apongozi anandiuza kuti ndisapiteko. Pano mayi andipatulira kapu yangayanga, akuyesa sindikuona. Zonsezo ndavomera. Koma inu munandiyeza thupi ndi chingwe, munati chovala ichi n'changa. Mukanandifunsa kaye."

"Chikupweteka, mwanawe. Taona phewa lakolo."

"Ndiye chipepukitseni. Si inu mmisiri?"

Andireya anaika tupa pansi. Anayang'ana chovala chija pamene chinapachikika pamtanda wa chigafa, ntchito ya zaka zingapo, chitsulo chochindikala chimene ankanyadira. Kenako anafunsa, mawu ali pansi, "Adokotala anati chiyani?"

"Anati ndi Edzi, bambo."

Kunja nkhuku zinkapalasa. Andireya anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtunda wa ulendo umene ankaudziwa kale. Anatambasula dzanja n'kugwira bondo la mwana wake, ndipo anakhala choncho mpaka Roza anawaitana.

Tsiku lotsatira anapita kwa Kalisto kukabweza mawu ake, n'kupitirira kwa Che Husseni kukatenga zitini za mafuta ophikira, zomwe zija ankazinyoza. Anazimanga panjinga zikulira njira yonse, ana akumuthamangira. Nthawi inali itachepa, ndiponso mtedza unkafuna kupalira komaliza, koma munda anausiyira Roza ndi achemwali ake.

Ntchitoyo anaigwira awiri. Andireya ankadula zitini ndi sizasi ya malata, n'kupinda m'mbali mwa kamzere kalikonse kuti kalimbe ndiponso kasacheke. Lonjezo ankakhala pamphasa atatsamira mzati, n'kumachotsa utoto ndi zilembo za pazitinizo ndi mchenga wonyowa, kenako n'kupukuta ndi phulusa mpaka ziwale. Akatopa ankagona pomwepo, bambo ake n'kusiya hamala, n'kumasoka chikopa cha nkhosa mwakachetechete. Akadzuka ankacheza. Lonjezo anafotokoza za ku Lilongwe zimene anali asanafotokozepo: chipinda chimene ankagona anthu ambirimbiri ku Mchesi, tsiku limene anavota koyamba ataima pamzere kuyambira m'mawa, dzina limene ankafuna kupatsa khanda lija. Andireya anamuonetsa buku la bambo mfumu, ndipo anatsutsana za chithunzi china, ngati msilikaliyo wamanga lupanga kumanja kapena kumanzere.

"Onsewa amanga kumanja," anatero Lonjezo, "koma wa khonje kumutuyu wamanga kumanzere. Taonani."

Andireya anayandikiza bukulo kumaso. Zaka zonsezi anali asanazione. Anamasula lamba wa lupanga n'kumusokanso mbali inayo.

Tsiku lina Roza anabweretsa tiyi m'chigafamo. Anathira m'kapu imodzi, namwako iye, n'kupatsira mwana wake.

Chovala chatsopanocho chinatha Lachitatu la sabata loyera. Chinali chopepuka moti Roza anachinyamula ndi dzanja limodzi. Chisoti chokha ndicho chinakhala chakale, poti nthawi youmba china panalibe, ndipo Andireya anaikamo nsanza kuti chisagwedere. Poyang'ana chapatali palibe akanadziwa kuti ndi zitini. Andireya yekha ndiye ankadziwa, ndipo anadabwa kuona kuti sizikumupweteka.

Lachisanu Loyera kunacha ndi mitambo, koma mvula sinagwe. Anthu anasonkhana ambiri kuposa zaka zonse, ena ochokera kumatchalitchi a kutali, chifukwa mbiri ya zovala zachitsulo inali itafika mpaka ku Nachisaka. Asilikali ena anavala zisoti ndi zishango zimene Andireya anapanga zaka za m'mbuyo. Lonjezo atatulukira kuseri kwa tchalitchi, khonje wofiira ali pamutu, chifuwa chikung'anima, phokoso la anthu linazirala. Ena ankayang'ana chovalacho. Ena ankayang'ana miyendo yake yowonda imene inkaonekera pansi pa nsalu yofiira, n'kumanong'onezana. Lonjezo sanayang'ane aliyense. Anakweza dzanja, gulu linanyamuka.

Andireya ankayenda m'mbali mwa njira, m'udzu, atanyamula botolo la madzi. Poyamba zonse zinkayenda bwino. Mawu a Lonjezo ankamveka polamula asilikali, ndipo pamalo pamene gulu linkaima kuti lipemphere iye ankapezerapo mpweya. Koma kupitirira pakati pa phiri njira imakwera molimba, ndipo dothi linali loterera. Andireya anaona mapazi a mwana wake akuyamba kukokeka. Chisoti chinapendekera kutsogolo. Lonjezo anatsalira pang'ono, n'kuima, chifuwa chikukwera ndi kutsika pansi pa zitini zija. Amayi oimba anapitiriza nyimbo, koma maso awo anali pa iye.

Andireya anali atayamba kale kupatula anthu kuti akamugwire. Koma Kalisto, amene anali patsogolo atasenza mtanda, anacheuka. Anabwerera m'mbuyo pang'ono ngati walefuka, mpaka thunthu la mtandawo linafika pafupi ndi Lonjezo. Andireya anali pafupi moti anamva zimene ananena.

"Gwira apa. Uzichita ngati ukundikankha. Tsamira ndithu, usaope."

Lonjezo anagwira mtandawo ndi manja onse awiri. Anakwera choncho mtunda wotsalawo, Kalisto akukoka mtanda pamodzi ndi munthu, thukuta likuchita kuyenderera m'ndevu. Anthu a kumbuyo ankaona msilikali wankhanza akukankha wolakwa. A pafupi ankaona zimene zinkachitika, ndipo amayi ena anasiya kuimba n'kuyamba kulira.

Pamwamba pa phiri Lonjezo anaima yekha. Nthawi itakwana yoti mkulu wa asilikali anene mawu ake omaliza, aja ovomereza kuti wopachikidwayo anali wolungama, anavula chisoti, chinthu chimene sanapangane ndi aliyense, n'kuwanena. Mawuwo anatuluka otsika, osweka pakati, koma kunali chete moti anamveka mpaka kwa oima kumapeto. Atatha anakhala pansi pamwala. Andireya anafika, namumasula malamba, namupatsa madzi.

"Sichinandipweteke," anatero Lonjezo atamwa. "Chisoti chokhachi."

"Chimenecho ndi cha mgolo."

"Ndinamva."

Potsika anamukweza panjinga ya Kalisto, bambo ake akukankha, Roza atagwira kumsana. Anthu ankawapatukira. Abambo ena amene anali asanabwere kudzamuona chibwerere ku Lilongwe anamupatsa moni wa m'manja, ena anangoyang'ana kumbali.

Lonjezo sanayendenso mtunda wautali kuchokera tsiku limenelo. Anakhala nawo mpaka nyengo yozizira, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Masiku amene ankapezako bwino ankapempha kuti amuyalire mphasa m'chigafa, ndipo bambo ake ankakhala naye, pena akusoka, pena osachita kanthu. Anamwalira m'mawa wina wa Julayi, mayi ake akumusambitsa kumaso. Uthenga unapita ku Mponela, koma mkazi wake sanathe kubwera, ndipo kunabwera amalume a mkaziyo m'malo mwake.

Bokosi anakhoma Andireya mwini, ngakhale achibale anamuletsa kuti si ntchito ya bambo wa malemu. Che Husseni anatseka sitolo tsiku lonse. Anabwera ndi misomali ndi nsalu yoyera, nakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna ena mpaka mwambo wa tchalitchi unatha. Kumanda, wachibale amene anapatsidwa mwayi wofotokoza za imfayo anati mnyamatayo wadwala chifuwa nthawi yaitali. Andireya anaimirira, ngakhale sinali nthawi yake yoyankhula.

"Pepani, ndikonzeko pang'ono," anatero. "Mwana wanga wamwalira ndi Edzi. Anandiuza yekha, ndipo sanandiuze kuti ndibise."

Anakhala pansi. Kwa kanthawi palibe anadziwa chochita, mpaka Kalisto anayambitsa nyimbo ndipo adzukulu anatola makasu. Pobwerera kumudzi, mayi wina wa kutsidya kwa dambo, amene Roza ankangomudziwa nkhope, anamutsatira n'kuyenda naye limodzi. Atatsala pang'ono kufika anamuuza kuti nayenso ali ndi mwana wamkazi m'nyumba, wabwera kuchokera ku Kasungu mwezi watha, ndipo zilonda za m'kamwa zikumulepheretsa kudya. Anafunsa kuti iwo ankamupatsa chiyani wawoyo. Roza anamuuza za phala lamadzimadzi la mgaiwa wosefa, lothira nsinjiro pang'ono, ndipo anati maliro akaphwa adzapita kukamuona.